Kodi Amai Athu Alibe Mbiri?

Abale, pali mau amene timawamva kawiri kawiri pabwalo, pamsika, ngakhale pakamwa pa anthu ophunzira, akuti: "Mkazi alembe ciani? Moyo wace ndi mtondo, mtsuko ndi khasu basi." Ife tikana mau amenewa, ndipo tifuna kuonetsa cifukwa cace.

Tiyambe ndi mabuku amene tiri nao. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo, buku limene linapata mphotho m'caka ca 1933, nalembanso mbiri ya mfumu Msyamboza. George Mwase analemba za John Chilembwe, ndipo Lewis Bandawe anasimba za moyo wace. Mabuku awa ngabwino, tiwalemekeza. Koma taonani, olembawo ndiwo amuna okha okha. Ngakhale Nchowa, buku la 1949 losimba za mkazi, analilemba ndi mwamuna, Ntara yemweyo. Tsono ife Acewa, amene mwana ali wa kwa amace, ndi ufumu utsata bele, tingakhale bwanji ndi mbiri yopanda mau a eni bele?

Otsutsa ayamba ndi kunena kuti pa moyo wa mkazi sipaoneka kanthu koyenera kulemba. Kodi aiwala Vera Chirwa? Iye anagwidwa pamodzi ndi mwamuna wace Orton pa 24 December 1981, kuno ku malire a Chipata ndi Mchinji. Anaweruzidwa kuti aphedwe m'1983, naturuka m'ndende m'January 1993, mwamuna wace atafera m'ndende ya Zomba. Zimenezi anazilemba yekha m'buku lochedwa Fearless Fighter, la 2007. Nanga Rose Chibambo, amene nkhope yace iri pa ndarama ya K200? M'1959 anamtengera ku ndende ali ndi khanda m'manja. Anamwalira m'2016, ndipo Timwa Lipenga akadapanda kukhala naye pansi ndi kulemba zonena zace, mau acewo akadatsikira naye kumanda, ndipo buku la Lomathinda, la 2019, sitikadaliona.

Pamenepo otsutsa ayankha kuti, "Amenewo ndi akulu a dziko, tinena za akazi a kumudzi." Cabwino, tinene za iwo. Pa njala ya 1949, akalata a boma anawerenga matumba a cimanga. Koma pamene Megan Vaughan anafuna kudziwa umo njalayo inakhalira m'nyumba za anthu a ku Blantyre, anapita kwa akazi okalamba, namvera nyimbo zao za pamtondo. M'menemo anapeza za amuna amene anacoka kunka kwao kukafuna cakudya, osabwereranso kwa akazi ndi ana ao. Buku lace linaturuka m'1987. Ndiponso zaka zonse zija amuna anali ku migodi ya Joni ndi ku minda ya Azungu ku Rhodesia, ena nasanduka macona, ndani analima, ndani analera ana, ndani anasunga mudzi? Amene anatsalawo ndiwo adziwa mbiri ya mudzi. Cotimvetsa cisoni ndi ici, kuti mabuku onse atatu tawachulawa ali m'Cingelezi, ndipo mai wa ku Ludzi sangamve mwa iwo mau a mnzace m'cinenero cace.

Tipenye ku dziko lina. Ku Bengal, m'dziko la India, kunali mkazi dzina lace Rassundari Devi, amene anakwatiwa ali wa zaka 12, pa masiku amene anthu a kwao anayesa cinthu coipa kuti mkazi awerenge. Iye anabisa tsamba la buku m'nyumba yophikira, nadziphunzitsa yekha malemba pakati pa nchito zace. Pambuyo pace analemba Amar Jiban, ndiko kunena Moyo Wanga, buku la 1876. Munalibe nkhondo kapena ufumu m'menemo, koma kuphika, kubala ana, maliro, ndi njala ya kuphunzira. Ndipo kufikira lero liwerengedwa m'masukulu akulu. Ku Calcutta, kuyambira 1863, kunali nyuzipepala yaing'ono ya mwezi ndi mwezi, Bamabodhini Patrika, imene inapatsa akazi malo olembamo, nikhala zaka pafupi fupi 60. Nchito yotere siilinda makina akulu kapena cuma cambiri. Ifuna akonzi obvomera kupatula tsamba limodzi.

Mau aciwiri a otsutsa ndi akuti mkazi akalemba adzaulula za kuseri, nacititsa banja manyazi. Palibe amene apempha kuti za kucinamwali zilembedwe. Wolemba asankha yekha conena ndi cosiya. Koma tinene poyera: ambiri opfuula za manyazi saopera mwambo iai, aopera mbiri yao. Aopa kuti kudzamveka za ndarama za fodya zimene zinathera kumowa, mkazi amene analima naye ali wosabvala. Aopa za mkazi wamasiye amene abale a mwamuna anamlanda ndi mphasa yomwe. Ngati lamulo la 2011 la cuma ca masiye liyesa kulanda kotere mlandu, kodi wolandidwayo aletsedwe kusimba? Manyazi akhale pa wocita, asakhale pa wonena.

Mau acitatu ndi akuti akazi a kumudzi sadziwa kulemba bwino. Ici ndico copepuka koposa. Kuno ku Ludzi kuli sukulu ya asungwana, ndipo m'midzi yonse muli ana odziwa kugwira pensulo. Msungwana ali yense, pa masiku opumula, atenge kabuku kolembamo, akhale pa mphasa ndi agogo ace, alembe monga anena, osakonza mau ao kuti afanane ndi a m'buku la sukulu. Atatha awawerengere, kuti mwini nkhani abvomere, ndipo dzina lace lilembedwe pokha pokha iye atalola. Aphunzitsi akonze malemba olakwa, koma asacotse mcere wa nkhani.

Cinthu ici cifuna cangu. Msungwana amene anali wa zaka 10 pa njala ya 1949 wapitirira kale zaka 80. Caka ndi caka tiika m'manda amai otere, ndipo pamaliro mlaliki angoti anali wofatsa ndi woceza bwino ndi anthu, kwatha. Akulu anati madzi akatayika saoleka. Cifukwa cace tipempha akonzi a masamba ano apatule tsamba limodzi mwezi uli wonse la mbiri ya amai, m'Cicewa, m'mau ao eni. Ndipo inu abambo, mukaona mkazi wanu ali ndi pensulo madzulo, musamfunse kuti nsima iri kuti, muyatsireni nyali.