Thanki ya chitsulo si sitima yoyenda pansi pa madzi

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pakuyenda mawu, operekezedwa ndi timakanema ta anthu a kunja akumira m'madzi ali m'zitsulo zimene akonza okha, onena kuti aliyense wodziwa kuwotcherera angathe kusandutsa thanki yakale ya mafuta kapena ya madzi kukhala sitima yoyenda pansi pa madzi, bola atseke mipata yonse ndi kuikapo chivindikiro cholimba. Kuno ku Vubwi, monganso ku Sinda ndi ku Katete, kumene anyamata ambiri amadyera makina owotcherera popanga zitseko, mafelemu a mawindo ndi ngolo za ng'ombe, mawu oterewa sangaonedwe ngati nthabwala chabe, pakuti luso lilipo, zitsulo zakale zilipo, ndipo madamu omwetsako ziweto sali kutali. Mawuwo ndi olakwika, ndipo kulakwika kwake kungatayitse moyo.

Cholakwika choyamba ndi kuganiza kuti chitsulo cholimba chimalimba mbali zonse. Thanki imapangidwa kuti isunge zinthu zokankha kuchokera m'kati kupita kunja, ndipo kukankha kotero kumakoka chitsulocho monga chingwe chimakokedwera, chinthu chimene chitsulo, ngakhale chopyapyala, chimapirira bwino. Pansi pa madzi zinthu zimatembenuka, chifukwa madzi amapanikiza kuchokera kunja, ndipo khoma lopyapyala likapanikizidwa limapindika mwadzidzidzi n'kuphwanyikira m'kati, osachita kung'aluka pang'onopang'ono kuti munthu aone ndi kuthawa. Chitini cha chakumwa cha gasi chimaonetsa zimenezi poyera: chisanatsegulidwe chimakhala gwa, koma chikatha mwana wamng'ono amachifinya ndi zala ziwiri. Pamene pali dzimbiri, pamene panabondoka thanki itagwa pa lole, kapena pamene wowotcherera anadula kuti aike zenera, ndi pomwe kupindikako kumayambira.

Kulemera kwa madzi kumawerengeka mosavuta. Pa mamita 10 alionse amene chinthu chatsika, madzi amawonjezera kupanikiza kofanana ndi matani 10 pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Damu lozama mamita 3 okha, limene ambiri amaliyesa losaopsa, limaika matani 3 pa malo amenewo, kotero kuti chivindikiro chozungulira cha masentimita 50 m'mimba mwake, chongokwana mapewa a munthu, chimakanikizidwa ndi makilogalamu pafupifupi 600, kulemera kwa matumba 12 a chimanga a makilogalamu 50. Munthu amene ali m'kati, atagona chagada mumdima, sangakankhe matumba 12 ndi manja ake. Chitseko chimene anachilimbitsa kuti madzi asalowe ndi chomwecho chimene chimamutsekera, ndipo sichingatseguke kufikira madzi atadzaza m'katimo. Za nyanja ya Kariba, yozama mamita oposa 90, kapena nyanja ya Malawi, imene m'malo ena imafika mamita 700, n'zosachita kukamba.

Timakanema tija sitionetsanso vuto la kumira ndi kuyandama. Thanki ya malita 2,000 imayandama kufikira italemera matani 2, choncho womanga ayenera kuisenzetsa zitsulo kapena konkire yambiri kuti itsike, ndipo ikangopitirira muyezo umenewo pang'ono imapita pansi n'kukhazikika m'matope. Sitima zenizeni zimakhala ndi zipinda zapadera zimene amalowetsamo madzi pofuna kutsika ndi kuwatulutsa ndi mpweya wopanikizidwa pofuna kukwera, komanso zolemetsa zimene angathe kuzitaya pangozi. Kenaka pali nkhani ya kupuma. Munthu amakoka okosijeni, mpweya wopatsa moyo umene ndi magawo 21 pa 100 alionse a mpweya wotizungulira, ndipo amatulutsa kaboni dayokisaidi, amene m'malo otsekeka amachuluka n'kuyambitsa mutu, wefuwefu ndi kusokonezeka maganizo okosijeni asanathe n'komwe. Amene ali ndi mantha kapena akupalasa makina ndi manja amautulutsa mofulumira kwambiri. N'chifukwa chake akatswiri amaika mankhwala oyamwa mpweya woipawo pamodzi ndi zida zouyeza.

Ofalitsa mawuwa amakonda kunena kuti sitima zoyamba zinapangidwa motere, ndipo ena amatchula H. L. Hunley, sitima ya pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, imene kwa zaka zambiri anthu ankati inasulidwa kuchokera ku thanki yowiritsira madzi a injini. Itavuulidwa m'nyanja pafupi ndi Charleston m'chaka cha 2000, ofufuza anapeza kuti inachita kumangidwa mwadala pa ntchito yakeyo. Ngakhale zinali choncho, inamira katatu pakati pa 1863 ndi 1864 n'kupha anthu 21, kuphatikizapo Horace Hunley amene sitimayo inatengera dzina lake. Posachedwapa, pa 18 June 2023, sitima ya Titan ya kampani ya OceanGate inaphwanyikira m'kati ikupita kukaona zotsalira za sitima ya Titanic pa kuya kwa mamita pafupifupi 3,800, ndipo anthu onse asanu anafera pomwepo. Eni ake anali ndi ndalama ndi mainjiniya, koma sanaipereke kwa mabungwe oima paokha amene amayeza ndi kuvomereza zombo zotere, ngakhale akatswiri ena anawachenjeza. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pali mfundo imodzi ya otsutsa imene iyenera kumvedwa mwaulemu, yakuti mnyamata wa kumudzi akayesa chinthu chatsopano anthu amathamangira kumuseka, pamene mzungu akachita chomwecho amamutcha katswiri. Dandaulo limeneli lili ndi maziko. Edward Nkoloso, amene m'chaka cha 1964 ankaphunzitsa achinyamata a m'Zambia za ulendo wa kumwezi powagubuduza m'migolo pa chitunda, anasekedwa m'manyuzipepala a kunja, ndipo lero ambiri amamukumbukira ngati munthu amene analimba mtima kulota. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, tsidya linalo la malire, ankatchedwa wamisala pamene ankamanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo za njinga ndi mitengo ya bulugamu ali ndi zaka 14. Kusiyana kwake n'kwakuti makina a Kamkwamba akalephera, babu inkangozima ndipo iye ankakwera kukakonza, pomwe thanki ikalephera pansi pa damu wopangayo sapatsidwa mpata wachiwiri woti aphunzirepo kanthu. Luso la owotcherera a ku Vubwi lili ndi ntchito zambiri zimene zimalola kuyesa ndi kulakwitsa, monga mapampu othirira m'madimba, makina otongolera chimanga ndi oswera mtedza.

Ngozi yoyandikira kwambiri imabwera thanki isanafike n'komwe kumadzi. Thanki kapena mgolo umene munali petulo kapena dizilo umasunga nthunzi ya mafutawo ngakhale ukuoneka wouma, ndipo moto wa makina owotcherera kapena tizimoto ta galayinda tikaukhudza umaphulika. Eni magalaja ndi amisiri amene amaphunzitsa anyamata ntchito asalole kuti thanki ya mafuta idulidwe isanatsukidwe bwino ndi kudzazidwa madzi, ndipo makolo, aphunzitsi ndi mafumu akamva kuti pali amene akukonza zolowa m'thanki kuti amire nayo m'damu, amuletse tsiku lomwelo.