Ntchito Imene Singadikire

Kwa Mfumu Kadewere, m'boma la Chiradzulu, anthu ndi ambiri ndipo minda ndi yaing'ono. Mlimi wa kumeneko akadzuka m'mamawa, apeza ntchito zambiri zomuyembekeza: munda, denga lodontha, khola la mbuzi, ndi ulendo wa kumsika. Koma manja ali nawo awiri okha, ndipo dzuwa silimdikira. Tsono ayambe iti?

Wanzeru ayamba ntchito imene singadikire. Mizere aikonza mvula isanagwe. Mvula yodzalira ikagwa, kawirikawiri mu Novembala, mbewu ilowa m'nthaka masiku omwewo. Pakapita masabata awiri kapena atatu apalira, pakuti udzu ulanda chimanga chakudya ndi chinyontho chikali chanthete. Kuumba njerwa ndi kumweta udzu wofolera ndizo ntchito za chilimwe. Nandolo naye alibe changu, pakuti acha chimanga chitalowa kale m'nkhokwe. Wofuna kugwira zonse pa tsiku limodzi sadzatsiriza ndi imodzi yomwe. Paja akulu amati, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Makolo a m'bomali anadziwa mtengo wa nyengo ya mvula mwa njira yowawa. Pa masiku a thangata, anthu okhala pa malo a Azungu, monga pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, anakakamizidwa kulima minda ya mwini malo m'miyezi ya mvula, m'malo mwa kulipira lendi. Pamene iwo anali kupalira kwa Mzungu, minda yawo inali kumira mu udzu. Ichi chinali chimodzi cha zodandaula za Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, amene anaukira boma la atsamunda mu 1915. Thangata anathetsedwa mu 1962. Anthu aja analandidwa nthawi yawo mwa mphamvu. N'chachisoni kuti munthu waufulu ataye yake pa bawo kapena pa mowa.

Ena ayankha kuti ufa ukatha mu Januwale, munthu ayenera kusiya munda wake ndi kukagwira ganyu. Mawu awa ndi oona, pakuti ana sangagone ndi njala. Koma wosiyiratu munda wake chifukwa cha ganyu akolola pang'ono, ndipo chaka chamawa njala imfika msanga koposa. Nkwabwino kuti agawe tsiku: mbandakucha, mphamvu zikalipo, apalire m'munda mwake, ndipo pambuyo pake apite kwa eni ganyu.

Mwana wa sukulu aphunzire nzeru yomweyi akali wamng'ono. Akaweruka, atunge madzi ndi kulemba masamu ake kusanade, pakuti usiku maso saona bwino. Mpira ndi phada sizithawa, adzazipeza mawa. Tsiku lililonse adzifunse kuti, "Kodi ndi ntchito iti imene idzaonongeka ndikaisiya lero?" Imeneyo ndiyo ayambe.