Ma-album a 2022: Sampa patsogolo, Kendrick pambuyo pake

December yafika, ndipo pa Facebook padzala ma-list a ma-album abwino a 2022. Ambili mwa iwo angokopedwa ku magazini a ku America: Kendrick pamwamba, Beyoncé wachiwili, basi kwatha. List yanga yasiyanako. Album ya hip-hop imene yandigwila mtima kopambana mu 2022 inajambulidwa kuno ku Zambia, ndipo ndikhulupilila kuti ambili pa Zed tamvelako nyimbo imodzi chabe pa album yonseyo.

Ndikamba za As Above, So Below ya Sampa the Great, imene inatuluka mu September. Sampa Tembo anabadwila ku Ndola, anakulila ku Botswana, koma dzina anakalipangila ku Australia, kumene anawina Australian Music Prize kawili. Kwa zaka zambili manyuzipepala a kumeneko anali kumulemba monga woimba wao. Covid itavuta, anabwelela kumudzi, nakhala mu studio ndi Mag44, uja anapanga Bwana pamodzi ndi Pompi. Zimene zinatulukamo sizimveka monga mwana wa ku diaspora amene wasowa kwao ndiye waikako ka ng'oma kumbuyo kwa beat kuti timuzindikile. Ng'oma ndi magita ndizo zanyamula nyimbo, ndipo rap ikwela pamwamba pake.

Mvelani "Never Forget". Muli Chef 187 ndi Chibemba chake, muli Tio Nason, muli Mwanjé, mng'ono wake wa Sampa. Nyimboyi ikumbutsa Zamrock, ndipo achinyamata ambili dzina limeneli sitilidziwa bwino. M'zaka za m'ma 1970 boma la ba Kaunda linalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Panthawiyo mabandi monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anali kusakaniza magita aukali a rock ndi kaimbidwe ka kuno. Mtengo wa kopa utagwa, ndalama zinasowa, ma-show anachepa, ndipo Edzi inatenga oimba ambili a m'badwo uja. Ba Jagari Chanda, amene anali kutsogolela WITCH, anafika pokumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze ya unga. Ma-record aja anaukanso pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kuwatulutsanso, azungu nayamba kuwagula pa mtengo wokwela.

Manje onani zimene zinachitika ndi "Never Forget". Inatuluka pakati pa chaka, ena anaikonda, ambili anadutsa chabe. Koma Marvel itaiika mu trailer ya Black Panther: Wakanda Forever, aliyense anakhala m'bale wa Sampa. Ma-status a WhatsApp anadzala mbendela. Sindikana kuti chinali chinthu chonyaditsa, naine ndinakondwela. Chondiwawa n'chakuti khalidwe ndi lomwe lija: tiyembekeza munthu wa kunja atiuze kuti chathu n'chabwino, ndiye tiyamba kuomba m'manja. Sampa anaimba ku Coachella ndi ku Glastonbury mu 2022 ndi bandi ya anyamata ndi atsikana a kuno. Nanga pa minibus ya ku Chelstone kapena ku Matero mwaimvelapo kangati album yake?

Nyimbo imene ndibwelelako kawilikawili ndi "Can I Live?", mmene aimba ndi WITCH yeniyeniyo. Kumva mau a ba Jagari pambali pa mtsikana amene angakhale mdzukulu wao, gita ikulila monga 1975, n'chinthu chimene palibe rapper wa ku Atlanta angagule olo atakhala ndi ndalama zingati. Album itha ndi "Let Me Be Great", mmene muli Angélique Kidjo wa ku Benin. Alendo a ku America, Denzel Curry ndi Joey Bada$$, agwila nchito yao bwino, koma kwa ine nyimbo zao ndizo zosavuta kuiwala. Zimveka monga zimene tinamvelapo kale kwina.

Wachiwili ndi Kendrick Lamar ndi Mr. Morale & the Big Steppers, ya mu May. Nyimbo 18, ndipo si album ya pa braai. Mukaika "We Cry Together" pali alendo, adzaganiza kuti ma-neighbour ayamba ndeu. Chimene ndamuikila pamwamba apa ndi "Father Time", mmene akamba za atate amene analela mwana wao kuti asaonetse kupweteka. Tonse tinakula ndi mau akuti mwamuna salila. Tili ndi anzathu amene ataya nchito, ataya makolo, chibwenzi chatha, koma zonse azikambila mu botolo la Mosi. Rapper wamkulu kopambana pa m'badwo wake kuimilila n'kunena kuti anafunika thandizo la therapy, n'kulowa mpaka mu nkhani za nkhanza za m'banja mwao pa "Mother I Sober", n'chinthu cholemela. Ndaona anyamata amene sakamba za mumtima akutumizilana nyimbo imeneyi popanda kulembapo kanthu.

Chimene chamugwetsa pa nambala wanu ndi Kodak Black. Album imene ikamba kwambili za akazi ovulazidwa ndi amuna ipatsa malo aakulu munthu amene anaonekela ku khoti pa mlandu wochita nkhanza kwa mtsikana. Ena akuti ndiye cholinga chake, kuti tione ngati chikhululukilo chili ndi malile. Ine sizinandikhutilitse. Futi album yatalika, nyimbo zitatu kapena zinayi zikanachoka palibe akanazisowa.

Ku mbali ya soul, mphoto ndipatsa Sault, gulu la ku London limene silikonda makamela. Wopanga nyimbo zao ndi Inflo, ndipo mau okoma amene mumva kambili ndi a Cleo Sol. Pa 1 November anatulutsa ma-album asanu tsiku limodzi, aulele, kwa masiku asanu chabe. Kwa ife amene tiwelenga ma-megabyte monga ndalama ya ndiwo, imeneyo inali mphatso yodula bundle. Pa asanuwo, Untitled (God) ndiyo ya kusunga. Ndi gospel, koma ya phee, yosakuwa. Ngati munakulila mu kwaya ya ku chechi, mudzazindikila mmene mau aloŵelana. Inflo yemweyo ndiye wapanganso No Thank You ya Little Simz, imene yatuluka pa 12 December, ndipo ikanabwela msanga mwina ikanavutitsa Kendrick pa malo ake.

Ndidziŵa kuti ma-comment adzadzala funso limodzi: nanga SZA? SOS yatuluka pa 9 December, zaka zisanu pambuyo pa Ctrl, ndipo ili ndi nyimbo 23. Munthu amene akuuzani kuti m'masabata awili waimvetsa yonse n'kuiika pa nambala wanu, wamvela "Kill Bill" pa TikTok chabe. Mudzandifunse mu March.