Sayansi ya Katungwe

Makolo ndi aphunzitsi anzathu a pa Boma pa Chiradzulu, kawirikawiri timadandaula kuti ana athu akuvutika ndi Physics pa mayeso a MSCE chifukwa sukulu zambiri za CDSS zilibe labotale. Dandaulo ndi lomveka, komabe mutu umene mabuku amautcha resonance tikhoza kuuphunzitsa ndi zinthu za pakhomo.

Tonse timadziwa katungwe. Tikamukankha mwana pa nthawi yoyenera, ngakhale pang'onopang'ono, amakwera m'mwamba. Tikamukankha mwachisawawa, sapita patali. Chinthu chilichonse chogwedezeka chili ndi liwiro lakelake, ndipo chikakankhidwa pa liwiro lomwelo, kugwedezekako kumakula. Imeneyi ndiyo resonance.

Tiyeni tichite chonchi. Timange chingwe pakati pa mipando iwiri, chisalimbe kwambiri. Pa chingwecho tipachike timabotolo tinayi todzaza mchenga: tiwiri pa ulusi wa masentimita 25, kena pa ulusi wa masentimita 50, kotsiriza pa ulusi wa mita imodzi. Choyamba, ana awerenge ndi wotchi. Ka masentimita 25 kamapita ndi kubwerera pafupifupi pa sekondi imodzi, pamene ka mita imodzi kamatenga masekondi awiri. Kutalika kwa ulusi ndiko kukulamulira, osati kuchuluka kwa mchenga.

Tsopano tonse tikhale bata, ndipo mwana mmodzi akoke kabotolo kamodzi ka masentimita 25 n'kukataya. Posachedwa kanzake ka ulusi wofanana kayamba kuvina kwambiri popanda wokakhudza, pamene tinato tingonjenjemera. Mphamvu ikudutsa m'chingwe kufika kwa tonse, koma kolandira bwino ndi kamene liwiro lake likugwirizana.

Musayese masewera chabe. Mu 1831 mlatho wa Broughton ku England udagwa asilikali akuwoloka moguba, ndipo kuyambira pamenepo asilikali a ku Britain adalamulidwa kusiya kuguba pa mlatho. Pa chivomezi cha mu 1985 ku Mexico City, nyumba zambiri zimene zidagwa zinali zosanjikizana kasanu ndi kamodzi mpaka kakhumi ndi kasanu, chifukwa liwiro lake lidafanana ndi la nthaka. Kunonso chivomezi chidawononga ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009, choncho tikufunika akatswiri omanga odziwa zimenezi.

Makolo, musataye timabotolo. Patsani ana chingwe ndi ulusi apite nazo kwa aphunzitsi teremu ino.