Wodwala Misala Akagwidwa ku Limbe: Chitolokosi Kapena Chipatala?

Munthu wodwala misala akayamba kusokosa pamsika wa Limbe kapena pa depoti ya Wenela, anthu sathamangira kwa dokotala, koma amaitana wapolisi. Tsono wapolisiyo ndiye asanduka woweruza woyamba, pakuti kwa iye kuli kunena ngati munthuyo agone m'chitolokosi kapena aperekedwe kuchipatala.

Chizolowezi choyesa wodwala mkaidi n'chakale m'dziko muno. Mu 1910 Boma la atsamunda linapatula mbali ina ya ndende ya Zomba nkusungamo odwala otere, ndipo owayang'anira anali asilikali a ndende. Chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953, lamulo la Mental Treatment Act litakhazikitsidwa kale mu 1948. Lamulolo linakhala zaka zoposa 75, kufikira mu 2025 pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza lina lolowa m'malo mwake, lolemekeza ufulu wa wodwala.

Nawo makhoti anachitapo mbali yao. Pa 10 Januwale 2017 Bwalo Lalikulu ku Blantyre linathetsa ndime 184(1)(c) ya Penal Code, imene inkagwiritsidwa ntchito pa milandu ya vakabu. Wodandaulayo anali wogulitsa majumbo, koma chiweruzocho chitchinjiriza wodwalanso, popeza kungoyendayenda usiku popanda chifukwa chomveka sikulinso mlandu pa ndimeyo.

Chovuta chenicheni chili pa funso lakuti wapolisi amtengere kuti munthuyo. Ku Queen Elizabeth kuli kiliniki ya matenda a maganizo, koma wofunika kugonekedwa nthawi yaitali amatumizidwa ku Zomba, ulendo wa makilomita oposa 60, wofuna galimoto ndi mafuta. Usiku, galimoto itachoka, chitolokosi ndicho chili pafupi. Apa ndipo pali ngozi, pakuti si yense wobwebweta amene ali ndi misala. Malungo okwera kumutu, khunyu ndi kutsika kwa shuga m'thupi zisokoneza munthu chimodzimodzi, ndipo wotereyo akatsekeredwa mpaka m'mawa akhoza kupezeka atatsirizika.

Ku Memphis, m'dziko la America, apolisi atawombera wodwala mu 1987, mzindawo unayamba mu 1988 kuphunzitsa apolisi ena kukhazika wodwala mtima pansi ndi kumpereka kwa achipatala. Blantyre ali nazo kale zipangizo zoyambira: zipatala zazing'ono ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe ndi Limbe, ndiponso makomiti a chitetezo cha m'madera amene adziwa wodwala ndi kwao komwe. Wopalamula mlandu waukulu ayenera kuonekerabe kukhoti. Koma kwa wongosokosa pamsika, chofunika nchakuti pa tebulo la polisi iliyonse pakhale nambala ya namwino woyankha ngakhale usiku, ndi kuti wodwala akatuluka ku Zomba azipeza mankhwala ake ku Ndirande komweko mwezi ndi mwezi.