Msewu wa Cuchamano mpaka Zóbuè ndi wa maiko anayi: nanga ife a m'mbali mwake?

TETE. Amene tinali kuno ku Francisco Manyanga m'zaka za 2009 ndi 2010 sitinaiwale mzere wa makamiyawo. Nthawi imeneyo mlatho wa Samora Machel unali kukonzedwa, ndipo malole olemera ankaoloka limodzilimodzi. Mzere unkatalika makilomita angapo tsidya lino ndi tsidya la Matundo. Madalaivala a ku Malawi, Zimbabwe ndi Zambia ankagona pansi pa magalimoto awo, ena masiku awiri kapena atatu. Ine ndinali mwana wa sukulu, ndipo ndinkaona amayi akuphika nsima ndi pende m'mbali mwa msewu, anyamata akugulitsa madzi ozizira, ena akuchapa zovala za madalaivala.

Lero mzere uja kulibe. Kuyambira mu Novembala 2014, pamene Pulezidenti Armando Guebuza anatsegula mlatho wa Kassuende kumunsi kwa mzinda, cha ku Benga, makamiyawo ambiri amalambalala Tete. Utsi unachepa, phokoso linachepa, ndipo palibe amene akufuna kuti mzere ubwerere. Koma miphika ya amayi aja inazizira. Dalaivala amene saima sagula kanthu.

Ndayamba ndi nkhani imeneyi, owerenga athu a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, Moatize ndi Changara, chifukwa zimene zinachitika mu mzinda muno zingachitikenso pa msika wanu.

Akuluakulu a boma akamalankhula pa wailesi amatchula mawu akuti "corredor de Tete". Ena amaganiza kuti ndi msewu watsopano umene udzalambulidwe m'tchire. Ayi. Ndi misewu yathu yomweyi yakale, koma yolumikizidwa ndi kuonedwa ngati njira imodzi yaitali yodutsa maiko. Pali N8 wochokera pa malire a Cuchamano, moyang'anana ndi Nyamapanda wa ku Zimbabwe, kudzafika pa Changara. Pali N7 wochokera cha ku Vanduzi m'chigawo cha Manica, kudutsa Changara, Tete ndi Moatize mpaka pa Zóbuè, khomo lolowera ku Mwanza. Pali N9 wopatukira ku Cassacatiza, pa malire ndi Zambia. Ndiye pali N304 woyambira pa Mussacama, kukwera mapiri kudutsa Ulongué mpaka Calómuè, pafupi ndi Dedza. Kuchokera pa Cuchamano kukafika pa Zóbuè ndi makilomita pafupifupi 260 okha, komabe kachigawo kameneka ndi kamene kamalumikiza Blantyre ndi Harare, ndiponso Johannesburg.

Kufunika kwake sikunayambe lero. Atsamunda anamanga mlatho wolendewera pa zingwe pa Zambezi, umene anajambula katswiri wa ku Portugal Edgar Cardoso, ndipo unatsegulidwa mu 1973. Pa nthawi ya nkhondo ya zaka 16, pamene njanji za ku Beira ndi Nacala zinaduka, Malawi anadalira kwambiri msewu umenewu. Makolo athu amasimba za koluna, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe kuchokera pa Nyamapanda mpaka Zóbuè. Katundu ankadutsa ndi mfuti kutsogolo ndi kumbuyo, pamene eni midzi ya m'mbali mwa msewu anali m'misasa ya othawa nkhondo ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera, ndipo ambiri anamanga pafupi ndi phula, poti pamenepo ndi pamene panali chitetezo ndi malonda. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Mu 2010 boma linapereka misewu inayi ija, makilomita pafupifupi 700, m'manja mwa kampani ya Estradas do Zambeze kwa zaka 30. Mgwirizano wa mtundu umenewu umayenda chonchi: kampani imafuna ndalama, imamanga, imasamala msewu, kenaka imabweza ndalama zake kuchokera ku zimene oyenda pa msewu amalipira, makamaka pa portagem. Gawo lalikulu la ntchito linali mlatho wa Kassuende, wa mamita oposa 700, pamodzi ndi misewu yofikira pa mlathowo. Dzina lake linachokera ku malo a asilikali omenyera ufulu a ku Marávia.

Mlatho unamangidwa, ndipo ndi wolimba. Pamenepo tisakane. Koma msewu wodutsa maiko sauyesa ndi malo ake abwino koposa. Amauyesa ndi malo ake oipa koposa, chifukwa lole lochokera ku Beira liyenera kudutsa ponseponse. Chaka ndi chaka madalaivala ndi okwera machapa akhala akudandaula za maenje pakati pa Moatize ndi Zóbuè, pa njira ya ku Angónia ndi pa njira ya ku Cassacatiza. Amathira dothi ndi phula pang'ono, mvula ikabwera dzenje limatseguka pomwepo.

Chifukwa chake n'chodziwika kwa akatswiri. Msewu suonongeka ndi kuchuluka kwa magalimoto chabe, koma ndi kulemera kumene kumakhala pa mateyala. Iwo amawerengera kuti katundu wa pa mzere umodzi wa mateyala akawirikiza kawiri, kuononga kwake kumawirikiza pafupifupi ka 16. Ndiye kuti lole limodzi lolemera mopitirira muyeso limadya msewu kuposa machapa mazanamazana. Onjezanipo dzuwa la ku Tete, limene limapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala n'kufewetsa phula, ndiponso madzi amene amalowa m'ming'alu. N'chifukwa chake sikelo yoyezera malole ndi yofunika kuposa chikwangwani chilichonse. Sikelo ikagona, kapena woyeza akatseka diso, ndalama zonse zokonzera msewu zili ngati madzi othira m'dengu.

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anatiphunzitsa china. Madzi a Revúbuè anagwetsa mbali ya mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, womwe unali utaonongekanso ndi madzi osefukira a mu Malichi 2019. Ulendo waufupi wa tsiku ndi tsiku unasanduka wozungulira kudzera ku Kassuende. Pakadapanda mlatho wachiwiriwo, njira ya ku Malawi ikadadukiratu. Koma tinaonanso kuti kamlatho kamodzi kangathe kusokoneza njira yonse ya maiko anayi.

Tsopano funso lenileni: msewu umenewu ndi wa yani? Tinene zoona. Ndi wa mafuta ndi feteleza ochokera pa doko la Beira kupita ku Malawi, dziko lopanda nyanja yamchere. Ndi wa katundu wa m'masitolo wochokera ku South Africa kudzera ku Beitbridge. Ndi wa mabasi a Blantyre ndi Lilongwe opita ku Joni, odzaza ndi ana athu ndi ana a anansi athu. Ndi wa miyala ya mtengo wapatali ya ku Zambia yotsikira ku Beira. Malasha a ku Moatize ali ndi njira yawoyawo, njanji ya makilomita 912 yodutsa m'Malawi kupita ku Nacala-a-Velha, imene inatsegulidwa mwa mwambo mu 2017. Maiko amauwerengera msewu wathu kwambiri moti ukatsekeka amamva msanga. Mu 2016, pamene kuwomberana kunabwerera, magalimoto anayambanso kuyenda pa koluna pakati pa Vanduzi ndi mtsinje wa Luenha. Kumapeto kwa 2024, pa zipolowe za pambuyo pa chisankho, malole anaima ndipo ku Malawi mizere ya pa malo omwetsera mafuta inatalika.

Palibe choipa kuti anansi adutse. Amalipira, ndipo ndi abale athu, ambiri a iwo tikulankhula nawo chinenero chimodzi. Koma mlimi wa kachewere wa ku Tsangano sapindula ndi phula limene sangalifikire. Mbatatesi, kabichi, nyemba, chimanga ndi tirigu zimalimidwa kutali ndi N7, kumene misewu ndi yafumbi, ndipo mvula ikagwa lole silifika. Aliyense wa m'malire akudziwa chimene chimachitika. Msewu wa M1 wa ku Malawi umayenda m'mphepete mwenimweni mwa malire pakati pa Dedza ndi Ntcheu, kotero thumba limakwera njinga kupita ku Lizulu kapena pa mphambano ya Tsangano, kumene wogula ali pa phula. Mlimi salakwa. Amapita kumene kuli pafupi. Koma amalandira makwacha, n'kuwasinthanso kukhala meticais pa mtengo umene wosintha wanena, ndipo pamenepo phindu lina limatsala m'manja mwa ena. Nthawi yomweyo, kuno ku misika ya mu Tete kachewere amakwera mtengo miyezi ya mvula. Kwa ine, makilomita 30 a msewu wa miyala wosamalidwa bwino wochokera ku minda kufika pa phula angasinthe moyo wa mudzi kuposa kukulitsa msewu waukulu.

Tibwerere kwa amene anamanga pafupi ndi phula. Apa ndikupempha kuti amene akuwerengera anzake awerenge pang'onopang'ono.

Lamulo la malo la 1997, Lei 19/97, linapatula malo ena amene munthu sangalandirepo DUAT, chikalata chija cha ufulu wogwiritsa ntchito malo. Pa misewu ikuluikulu ya gulu loyamba, monga N7, N8 ndi N9, ndi mamita 30 mbali iliyonse. Pa misewu ya gulu lachiwiri ndi lachitatu ndi mamita 15. Msewu ukakhala wa mizere inayi, malowo amafika mamita 50. Lamulo lomwelo linapatulanso makilomita awiri m'mphepete mwa malire a dziko. M'malo oterewa chimene chingaperekedwe ndi chilolezo chapadera basi.

Tanthauzo lake ndi ili. Msewu ukakwezedwa gulu kapena ukakulitsidwa, malo opatulidwa amakula nawo. Golosale, chigayo kapena nyumba imene dzulo inali kunja kwa muyeso ingapezeke m'kati mwake mwiniwake asanasunthe njerwa ndi imodzi yomwe. Pali Decreto 31/2012 wonena za kusamutsa anthu, amene amafuna kuti anthu afunsidwe pa misonkhano ndiponso kuti moyo wawo kumene akupita usakhale wotsika kuposa kumene achoka. Lamulo limeneli linabwera pambuyo pa zimene zinachitika ku Cateme, kumene mabanja osamutsidwa chifukwa cha mgodi wa malasha anatseka njanji mu Januwale 2012 podandaula za nyumba ndi minda. Koma amene wamanga m'kati mwa mamita 30 popanda chilolezo amakhala ndi mawu ochepa pa tsiku lowerengera chipukuta misozi. Ndaona anthu akuthira maziko a sitolo ya njerwa zootcha masitepe khumi kuchokera pa phula, ndalama za fodya za chaka chonse. Mtima umandiwawa.

China ndi liwiro. Walira mvula walira matope. Msewu wa maenje umaononga magalimoto, koma msewu wosalala wodutsa pakati pa msika, wopanda zitunda zochepetsa liwiro, wopanda malo oimikapo malole, umapha ana a sukulu ndi okwera njinga. Ndipo katundu wodutsa si shuga yekha. Pa 17 Novembala 2016 pa Caphiridzange, m'boma la Moatize, thanki la mafuta lochokera ku Beira kupita ku Malawi linaphulika anthu atalizungulira ndi zigubu. Anthu oposa 70 anafa chifukwa cha ngoziyo, ena pa malo pomwepo, ena anatsikira kuli chete pambuyo pake m'chipatala, ndipo dziko linalira masiku atatu. Pokonza msewu wa maiko, malo otetezeka oimikapo mathanki kutali ndi nyumba, ndi chipatala chotha kulandira ovulala, ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi phula.

Za pa malire ndinena mwachidule. Njira imene maiko a m'chigawo chino asankha ndi ya malo amodzi oonetserapo mapepala, m'malo moima kawiri. Inayambira pa Chirundu, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, mu 2009. Pa Mwami ndi Mchinji anatsegula mu Disembala 2022. Mu 2021 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 380 miliyoni othandizira malonda ndi mayendedwe pakati pa Mozambique ndi Malawi, ndipo malire a Calómuè ndi Zóbuè ali m'gulu la malo amene maiko awiriwa anasankha kuti ayende mwa njira imeneyi. Kwa mwini lole, tsiku limodzi lopulumutsidwa pa malire ndi ndalama zambiri. Kwa mayi wa matumba awiri a nyemba, nkhani ndi yakuti kodi pali zenera lake, pepala losavuta, ndi mtengo wolembedwa poyera pa khoma. Zikapanda kutero adzapitiriza kudzera njira za m'tchire, kumene amalipira kwa aliyense womuimitsa. Ndipo lole likamadutsa malire m'maola awiri m'malo mogona, ogulitsa chakudya ndi eni malo ogona a pa Zóbuè adzamva chimene amayi a mu Tete anamva mu 2014.

Choncho akabwera a ANE, a boma kapena a kampani kudzachititsa msonkhano pa mudzi wanu, musangowasiyira a mfumu ndi a sekeletale. Pitani, amayi ndi abambo. Funsani kuti muyeso wa mamita uyambira pati ndipo uthera pati, ndipo aonetse ndi chikhomo pansi. Funsani kuti malole adzaima pati, ana adzaolokera pati, ndi msewu uti wa ku minda umene uli m'ndondomeko. Pemphani kuti mayankho alembedwe m'acta ya msonkhano, ndipo pepala limodzi litsale m'mudzi. Amene mukufuna kumanga chaka chino mukagulitsa fodya, yambani mwapita ku ofesi ya zomangamanga ya pa boma lanu, mukafunse gulu la msewu wa pakhomo panu musanagule simenti.