Kokumbukira ukwati kuphiri pitani, koma mpamba usiyeni pakhomo

Sabata yatha ndili kwa Chiwamba kufunsa mitengo ya soya ndi mtedza, mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi anandiimitsa ndi funso lomwe silinali la mitengo. Mu Julaye akubwerayu, iwo ndi amuna awo, amene ali ndi kagolosale pamsika pomwepo, akwanitsa zaka 10 ali pabanja. Chikwatiranireni sanayendepo awiriwiri kupatula kumaliro ndi kuchipatala. Bambowo akuti chaka chino akagone kuphiri ngakhale usiku umodzi, akapumeko mphepo ina. Mayiwo mtima ukufuna, koma mutu uli pa benchi.

"Achimwene, inu mumalemba za ndalama. Kodi kumeneku si kuwononga?"

Wakabaza anali akundidikira, choncho ndinangoyankha kuti ayi. Yankho lonse ndi ili, ndipo ndikudziwa kuti si banja lokhali lomwe lili ndi funsoli.

Ndikuti pitani. Mabizinezi ambiri omwe ndimayendera ku Nsaru, ku Namitete, kwa Kabudula ndi kwa Chiwamba ndi a anthu awiri ogona nyumba imodzi. Wina amakaoda, wina amagulitsa. Akakumana madzulo nkhani imakhala yomweyo: wagulitsa zingati, wakongola ndani, shuga wakweranso. Zaka zimatha anthu osakambapo china. Ndaonapo magolosale akutsekedwa osati chifukwa cha mitengo koma chifukwa eni ake asiyana, sikelo yapita uku, mashelefu apita uko. Komanso tisanamizane. Pachaka timataya ndalama zingati pa perekaniperekani wa maukwati a anthu ena, pa nsalu za yunifolomu ndi pa zinkhoswe? Palibe amene amati n'kuwononga. Zimakhala zachilendo pokhapokha ukwatiwo ukakhala wako.

Koma wamalonda sayenda ngati wapantchito ya pamwezi. Mphunzitsi akapita ku Zomba masiku atatu, malipiro ake amabwera athunthu. Inu mukatseka benchi masiku atatu, masiku amenewo apita ndi ndalama zake. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa powerengera. Amaika thiransipoti, chipinda ndi chakudya, n'kuiwala phindu lomwe likanalowa akanakhala pamsika. Tingoyerekeza: ngati mayi mumatsala ndi K10,000 patsiku ndipo bambo K15,000, kutseka masiku atatu ndi K75,000 yomwe yatuluka musanakwere n'komwe minibasi. Ikani manambala anuanu, koma mzere umenewu usasowe papepala.

Ndipo nyengo yozizira ndi yomweyo imene ndalama zimayenda kumudzi. Fodya amakhala akugulitsidwa ku Kanengo, soya ndi mtedza zili pa sikelo, anthu akugula malata, ziwiya ndi zovala. Zomwe mumapeza mu Juni ndi Julaye ndi zomwe zimakuolotsani Januwale ndi Febuluwale, pamene kasitomala amagula mafuta ophikira a mu kapepala. Choncho tsiku la ulendo musalisankhe poyang'ana kalendala ya ukwati yokha. Ngati tsiku lanu lagwera pa tsiku la msika, lisuntheni. Ukwati sungakwiye chifukwa mwaukumbukira Lachiwiri m'malo mwa Loweruka. Pewani kumapeto kwa mwezi. Pewaninso masiku oyandikana ndi holide ya pa 6 Julaye, pamene a m'tauni nawo amakhala akusaka zipinda zomwezo.

Tsono kuphiri kwake kuti? Anthu akamva za phiri amathamangira Zomba kapena Mulanje, ndipo sindikutsutsa kuti n'kokongola. Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo Sapitwa wa ku Mulanje, wotalika mamita 3,002, alibe mnzake m'Malawi muno. Koma kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Zomba ndi pafupifupi makilomita 300, ndipo Mulanje ali patsogolo pa Blantyre. Tsiku lathunthu kupita, tsiku lathunthu kubwera, onse awiri mutapanikizana pampando wa basi. Kwa munthu amene tsiku lililonse lili ndi mtengo wake, amenewo ndi masiku awiri olipira popanda kuona kanthu.

Dedza ali pakhomo pathu. Ndi makilomita pafupifupi 85 kuchokera mu mzinda wa Lilongwe pa msewu wa M1, ndipo maminibasi amanyamuka pa depoti tsiku lonse. Mukachoka kwa Chiwamba m'mamawa, nkhomaliro mukadyera pa boma. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamwamba kuposa matauni ena onse a m'dziko muno, ndipo phiri la Dedza, lomwe nsonga yake ili pa mamita 2,198, limayambira kuseri kwa nyumba za pa boma pomwepo. Kukwera sikufuna galimoto, kumangofuna miyendo ndi munthu wakonko wodziwa njira, amene mwagwirizana naye mtengo musananyamuke. Simukakamizidwa kukafika pansonga. Pakatikati pomwe, mukakhala pamwala n'kutsegula fulasiki ya tiyi, mumaona dziko lonse lili pansi mpaka ku Mozambique.

Kulinso Dedza Pottery, malo oumba makapu, mbale ndi miphika omwe akhalapo kuyambira 1987. Zipinda zogona zapamenepo ndi za matumba olemera, koma kuona katundu ndi kumwa tiyi n'kotheka. Monga wamalonda, kayang'anitsitseni m'mene amayalira katundu wawo. Dongo ndi dongo, lofanana ndi la mbiya za kwathu, koma kapakidwe ndi kaikidwe pa shelefu n'komwe kamasintha mtengo. Mwina mukabwerako mudzayang'ana milu ya tomato wanu ndi diso lina.

Chomwe ine ndingalipirire wanjinga yamoto popanda kudandaula ndi Chongoni. M'mapiri ndi m'mapanga a m'deralo muli malo 127 okhala ndi zojambula zakale pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, amene anakhala kuno Achewa asanafike. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina gule wamkulu. Azungu amakwera ndege kudzaona zimenezi. Ife a ku Lilongwe, amene mwambowo ndi wathu, ambiri timangodutsa pa msewu titagona mu minibasi. Odziwika kwambiri ndi malo a Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Funsani pa boma kuti apafupi ndi kumene mwagona ndi ati.

Usiku umodzi ndi wokwanira. Kunyamuka m'mawa, masana kuphiri, kugona, m'mawa mwake ku Chongoni, madzulo muli kwanu. Masiku awiri otseka, osati anayi.

Tsopano nkhani yomwe ndiumirirepo kwambiri: ndalama za ulendowu zichokere kuti. Zisachokere mu mpamba, ngakhale kwacha imodzi. Ndikudziwa m'mene maganizo amanamizira: "Tingotapako pang'ono, tidzabweza mwezi wamawa." Amene munali pamsika mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mukukumbuka zomwe zinachitika. Munthu anagulitsa katoni ya sopo Lolemba, kupita kukaoda Lachisanu ndalama yomweyo sinakwanenso katoni. Mpamba ukachoka pa shelefu subwerera ndi msinkhu womwewo. Mukatapa ndalama ya mabelo awiri a shuga lero, mwina mudzabweza ya belo limodzi ndi theka, ndipo kasitomala amene wapeza shelefu yopanda kanthu kawiri amaphunzira njira ya kwa mnzanu.

Zisachokerenso ku ngongole. Ngongole ya banki mkhonde ndi yabwino pamene ikukagula katundu amene abereke chiwongoladzanja chake. Ulendo subereka. Mudzakhala mukubweza mwezi ndi mwezi chinthu chomwe chinatha pa masiku awiri, ndipo pofika Disembala, anzanu akugawana masheya, inu mudzakhala mukukangana kuti anayambitsa nkhani ya kuphiri ndani. Za katapila ndiye sindikufuna n'kuzitchula komwe.

Njira yake ndi yotopetsa koma ndi yokhayo. Kuyambira pano mpaka Julaye pali masabata okwanira. Gwirizanani ndalama yoti aliyense azipatula pa phindu la tsiku, madzulo aliwonse mukatha kuwerengera, ndipo iziikidwa kwina, kaya mu kachitini kokhoma, kaya pa Airtel Money kapena TNM Mpamba pa nambala yomwe simulandirirapo za malonda. Mukasunga pafoni kumbukirani kuti potapa amadula. Amene muli mu chipereganyu mukhoza kupempha anzanu kuti ulendo wanu wolandira ugwere kumapeto kwa Juni. Ikafika sabata yonyamuka, werengani zomwe zasonkhana. Zikakwana chipinda, kagoneni. Zikapanda kukwana, pitani m'mawa n'kubwerako madzulo. Dedza amalola zimenezo, Mulanje salola. Ulendo ulingane ndi chitini, osati chitini kuthamangitsa ulendo.

Benchi ndi golosale musiyira ndani? Wa tomato, chepetsani kuoda masiku atatu musananyamuke kuti katundu athe, chifukwa tomato sadikira mwini wake. Wa golosale, ngati musiyira mlamu kapena mphwanu, werengani katundu limodzi, mulembe m'kope, nonse muone. Lamulo likhale limodzi: pa masiku awiriwo palibe ngongole, ngakhale atabwera amfumu. Pali anthu amene amadikira mwini sitolo achoke kuti akanene kwa wogwirizira kuti "timatenga chonchi nthawi zonse". Ngati mulibe munthu amene mumamukhulupirira, tsekani ndi loko. Kutaya phindu la masiku awiri kuli bwino kusiyana ndi kutaya katundu ndi chibale pamodzi.

Kuzizira kwa ku Dedza musakuyese kwa kwathu kuno. Mu Juni ndi Julaye kumacha ndi nkhungu, ndipo mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Majuzi ndi majekete gulani pa kaunjika panopa. Ogulitsa kaunjika akuwerenga pano akudziwa okha zomwe amachita ndi mitengo kuzizira kukangoyamba, ndipo sindikuwadzudzula. Pa chipinda, funsani zinthu ziwiri musanapereke ndalama: mabulangete ndi angati, ndipo madzi osamba otentha alipo kapena ayi. Lowani muone nokha. Musatumize ndalama ya chikole ku nambala yomwe mwangoiona pa Facebook. Pakati pa sabata malo ogona pa boma sasowa. Ndipo chonde, kuzizire bwanji, musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka mawindo. Utsi wake suoneka, sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Ndikudziwa kuti pofika pano ena mwayamba kale kuwerengera zina. Dedza ndi kwawo kwa kachewere, kabichi ndi nyemba, ndipo anyamata a chiwaya kwanuko amafuna kachewere tsiku lililonse. N'zoona, thumba limodzi kapena awiri pobwerera akhoza kubweza thiransipoti. Koma chitani mwa dongosolo. Musananyamuke funsani a chiwaya kuti akugula pa mtengo wanji ndipo atenga wochuluka bwanji, kuti mukakhale ndi malire pokambirana. Ndalama yooderayo ichoke mu mpamba, iyende m'thumba lakelake, isakhudzane ndi ya ulendo. Onjezerani zomwe kondakitala adzalipiritse pa thumba lililonse, ndi za kuchokera mu tauni kukafika kwa Chiwamba. Khuthulani thumba muone apansi, chifukwa akuluakulu amakonda kukhala pamwamba.

Ndipo izi zichitike pobwerera pokha, pa ola lomaliza, pa msika wa pa boma kapena pa Chimbiya mukulowera ku Lilongwe. Ndikunena inu abambo makamaka. Mukangofika ku Dedza n'kuyamba kuzungulira m'misika, mayi akukutsatirani pambuyo atanyamula chikwama, umenewo ndi ulendo wokaoda ngati ena onse, ndipo mayi adzaukumbuka choncho. Foni ya malonda ikhale yozima kuyambira pokwera phiri mpaka m'mawa mwake.

Kwa mayi a tomato aja: ndidzadutsanso kwa Chiwamba kumayambiriro kwa Ogasiti kudzafunsa mitengo ya chimanga. Mudzandiuze kuti chipinda munalipira zingati ndiponso kachewere anali pa bwanji, ndidzalembe pano kuti ena adziwe.